Kaloboti Kakakhota, Mlandu ndi wa Yani?

Palibe ntchito ina imene imam'longa munthu ufumu msanga ngati kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mlimi amadikira mvula. Mmisiri wa matabwa amanyengerera mfundo za mtengo kuti thabwa lisang'ambike. Dokotala amapereka mankhwala n'kumayembekeza kuti thupi livomera. Koma mwana wa zaka 19 akakhala pa kompyuta n'kulamula kuti pajambulidwe mzere wowongoka, mzerewo umatuluka wowongokadi, ndipo akalamulanso mawa udzatuluka chimodzimodzi. Joseph Weizenbaum, mphunzitsi wa ku MIT yemwe mu 1966 anapanga ELIZA, pulogalamu yocheza ndi anthu, ankachita nazo mantha zimenezi. M'buku lake la mu 1976 anaonetsa kuti wolemba mapulogalamu amakhala ndi kadziko kakekake komwe woika malamulo ndi iye yekha, ndipo ulamuliro wotere umatha kum'ledzeretsa munthu.

Ine ndimaphunzitsa ophunzira a chaka choyamba a sayansi ya kompyuta, ndipo chaka ndi chaka pakhomo pa labu pamafika anthu amitundu iwiri. Ena akulira m'tauni, laputopu anaigwira ali ku pulayimale, ndipo amalowa akudziwa kale kuti makinawa amawamvera. Ena achokera ku sekondale zoyendera za kumudzi, masamu anakhoza bwino zedi pa mayeso a Fomu 4, koma kompyuta ankangoionera pawindo la ofesi ya ahedi. Awa amadina batani ndi chala chimodzi, mtima uli phaphapha, kuopa kuti akalakwitsa chinthucho chipsa. Aphunzitsi anzanga amati chimasiyanitsa magulu awiriwa ndi luso basi. Ine ndimaona kuti onse ali ndi vuto la chipembedzo. Woyamba uja wayamba kudziyesa kamulungu. Wachiwiriyo akuyesa kuti kamulungu ndi makinawo. Funso limene limandisowetsa tulo ndi ili: munthu amene akuphunzira kupanga zinthu zoyenda zokha, zoona ndi zosankha, aime pati pakati pa chimene wachipanga ndi dziko limene sanalipange?

Mayunivesite ambiri masiku ano amalandira ophunzira otere ndi loboti. M'masabata oyambirira, asanamire m'masamu ndi m'malamulo a zilankhulo za kompyuta, amagawidwa m'timagulu n'kupatsidwa kabokosi. Mwathu kabokosi kamodzi ndi ka anthu anayi, ndipo mumakhala kabolodi ka Arduino Uno, timamota tiwiri, matayala, mabatire, mawaya, masensa awiri osiyanitsa pakuda ndi poyera, ndi sensa imodzi yoyeza mtunda. Arduino inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, ndipo anaikonzera ophunzira zaluso omwe sanali akatswiri a zamagetsi. Malo ake osungira pulogalamu ndi makilobaiti 32 okha. Chithunzi chimodzi chojambula pa foni ya masiku ano sichingakwanemo.

Nzeru yoyamba ndi chinthu choyenda pansi si yalero. Seymour Papert, yemwe anabadwira ku Pretoria mu 1928 n'kukagwira ntchito ndi Jean Piaget ku Geneva asanapite ku MIT, anali mmodzi mwa opanga chilankhulo cha Logo mu 1967. Posakhalitsa ana anayamba kulamulira nacho kaloboti kotchedwa kamba, komwe kankayenda pansi kakukoka cholembera. Mwana akasowa pogwira pofuna kuti kambayo ajambule chozungulira, ankalimbikitsidwa kuimirira, kuyenda yekha mozungulira, n'kuona zimene miyendo yake ikuchita: kupita pang'ono, kukhota pang'ono, kubwereza. Buku la Papert la mu 1980, Mindstorms, ndi limene linapereka dzina ku mabokosi a maloboti a LEGO omwe anatuluka mu 1998 n'kulowa m'makalasi ambiri, a ana ndi a ku yunivesite omwe.

Ntchito yoyamba imene ndimapereka imawaseketsa odziwa aja: kaloboti kayende mita imodzi mowongoka, kenako kaime. Pa gulu lina, mnyamata wa laputopu anamaliza kulemba anzake asanamalize kumanga matayala. Mota iliyonse imapatsidwa nambala ya pakati pa 0 ndi 255 yosonyeza mphamvu, ndipo iye analemba 150 kumanzere, 150 kumanja. Anakaika pasimenti. Kanayenda pang'ono n'kuyamba kupendekera kumanzere mpaka kanakalowa pansi pa tebulo. Mnyamata uja sanayang'ane pansi ayi, maso anali pa sikirini. Anawerenga mizere yake kuchokera pamwamba mpaka pansi osapeza cholakwika, pakuti munalibedi cholakwika.

"Aphunzitsi, pulogalamuyi ili bwinobwino. Mwatipatsa chakufa."

"Tatsika pampandopo," ndinatero, "ukakafunse komweko."

Amene anatsika ndi mtsikana wina yemwe chifikireni anali asanatsegule pakamwa. Anagwada, n'kukagoneka chagada, n'kuzunguza matayala ndi chala, ili kenako linzake. Anati lakumanzere likukhula pulasitiki. Mnyamata wina, yemwe anakula akupinda magalimoto a mawaya, anangoliyang'ana kamodzi n'kunena kuti lalowa mopendama. Analizula n'kulilowetsanso. Kaloboti kanayenda bwinoko, koma kanakhotabe pang'ono, chifukwa mamota awiri, ngakhale atuluke m'fakitale imodzi tsiku limodzi, sazungulira mofanana ndendende. Anayamba kusinthasintha manambala mpaka anapeza kuti 163 kumanzere ndi 150 kumanja zikuwongola. Kunali kuwomba m'manja. Pobwera kuchokera ku nkhomaliro, kanakhotanso. Mabatire anali atatsika mphamvu.

Masiku otsatira simenti imapitiriza kuphunzitsa. Masensa olondola tepi yakuda amatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso n'kuyeza kumene kwabwerera: poyera kumabwerera kochuluka, pakuda kochepa. M'mawa zonse zimayenda. Dzuwa likapendeka n'kulowa pawindo, kuwala kwake, komwe kuli ndi mtundu womwewo wosaoneka uja, kumawachititsa khungu masensawo, kaloboti n'kusiya njira. Sensa yoyeza mtunda imaliza kaphokoso komwe khutu la munthu silimva, konjenjemera ka 40,000 pa sekondi, n'kuwerenga nthawi imene katenga kuti kagunde chinthu ndi kubwerera. Pakhoma lolimba loyang'anizana nayo imanena zoona. Pa katani yansalu phokosolo limamira, pakhoma lopendama limathawira kwina, ndipo sensa imalengeza kuti kutsogolo kulibe kanthu. Ngakhale liwiro la phokoso silikhala chimodzimodzi. Ndi pafupifupi mamita 343 pa sekondi kukafunda madigiri 20, koma kukatentha limakwera, kotero muyeso wa m'mawa wa mu Juni sufanana kwenikweni ndi wa masana a mu Okutobala.

Gulu limene lathedwa nzeru ndi limene limatulukira chinthu chachikulu: nambala yolondola mpaka kalekale kulibe. Kaloboti sungakauziretu zonse n'kukatulutsa. Kayenera kumaona pamene kali, kuzindikira kuti kapatuka motani, n'kubwerera, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Wakabaza amene wanyamula thumba la chimanga amaoneka ngati akuyenda mowongoka, koma mukam'yang'ana manja pa handulo sakhala chete, akungokonza tizolakwa tosatha. Mfundo imeneyi ndiyo mtima wa buku la Norbert Wiener la mu 1948 lonena za ulamuliro m'zamoyo ndi m'makina. Ophunzira anga amaipeza atagwada, asanamve n'komwe dzina la Wiener.

Wanzeru wina wa ku Naples, Giambattista Vico, ananena mu 1710 kuti munthu amachidziwa mokwanira chokhacho chimene wachipanga yekha. Masamu timawadziwa motsimikiza chifukwa kadontho, mzere ndi nambala tinaziika ndife. Chilengedwe sitingachidziwe choncho, chifukwa anachipanga ndi Mulungu, ndipo wochidziwa mpaka m'kati ndi Iye yekha. Vico akanalowa mu labu yathu akanapeza maiko ake awiriwa atakumana m'kanthu kokwana m'dzanja. Pulogalamu ili kumbali ya munthu: mzere uliwonse anaulemba ndi munthu, ndipo akhoza kuutsata mpaka kumapeto. Mphira, fumbi, dzuwa, kutentha ndi mphamvu ya m'batire zili kumbali inayo. Pa sikirini wophunzira amangoona dziko loyambalo, n'chifukwa chake mutu umakula. Pasimenti amaona kuti chinthu chimene wachimanga ndi manja ake sakuchidziwa chonse, popeza wachimanga ndi zipangizo zobwereka n'kuchiika m'dziko la eni.

Wamantha uja simenti yomweyo imam'phunzitsa china. Amaona kuti chinthu ankachiopa chija n'chopusa: chimathamangira khoma chifukwa wina waiwala mzere umodzi, chimazungulira pamodzimodzi chifukwa waya walowa podera. Amaonanso kuti maso ake, zala zake ndi kudekha kumene anaphunzira kwina zili ndi ntchito muno. Mtsikana wogwada uja, pofika sabata yachiwiri, anali atayamba kufunsa kuti nambala yomwe sensa ikutumiza ikupita pa mzere uti wa pulogalamu. Funso limenelo ndiye chiyambi cha sayansi ya kompyuta, ndipo anafika nalo podzera pa tayala.

Si onse amagwirizana ndi njira imeneyi, ndipo otsutsawo si anthu wamba. Edsger Dijkstra, mmodzi mwa akuluakulu a phunziroli, analemba mu 1988, ali ku yunivesite ya Texas ku Austin, kuti oyamba kumene aziphunzitsidwa chilankhulo chimene sichinaikidwe pa kompyuta iliyonse pasukulupo. Cholinga chinali chakuti asamayeseyese mpaka zitatheka, koma azitsimikiza ndi masamu kuti pulogalamu yawo ndi yolondola. Nkhawa yake ndimaimva. Amene anapeza 163 aja sanadziwe chifukwa chake 163, anangoigwera. Munthu akazolowera kugwera, mapulogalamu a banki ndi a chipatala adzawalembanso mogwera.

Umboni woti maloboti amakhozetsa mayeso nawonso si wolimba monga amalonda amanenera. Pa sukulu ya asilikali a ndege ku America, Barry Fagin ndi Laurence Merkle anayerekeza ophunzira oposa 800, ena ophunzira ndi maloboti a LEGO, ena opanda. Zimene anafalitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinali zakuti a maloboti aja anakhoza mocheperapo pa mayeso, ndipo malobotiwo sanasinthe kanthu pa kasankhidwe kawo ka maphunziro. Chifukwa chachikulu chimene iwo anaona chinali chakuti maloboti ankatsala mu labu, ndiye ophunzirawo analibe poyesera ntchito yawo akabwerera kuchipinda, pomwe anzawo ankalemba, kuyesa ndi kukonza nthawi ina iliyonse. Masukulu a Georgia Tech ndi Bryn Mawr College atayamba ntchito yofanana nayo mu 2006, anaonetsetsa kuti wophunzira aliyense ali ndi kaloboti kake, kotchedwa Scribbler, kopita nako kogona. Kwathu kuno, komwe bokosi ndi la anthu anayi ndipo magetsi sapanganika, labu yokiyidwa dzuwa likadalipo imapha cholinga chonse.

Choncho sindinena kuti loboti imaphunzitsa kulemba mapulogalamu kuposa choko ndi bolodi. Chimene imaphunzitsa sichibwera pa mayeso, ndipo amene anandithandiza kuchitchula ndi amalume anga, mmisiri wa matabwa yemwenso ndi mkulu wa mpingo. Ndinapita kumudzi ndi kaloboti kosavuta, ka masensa awiri oona kuwala. Madzulo pakhonde ndinayatsa tochi, kaloboti n'kuyamba kuilondola kulikonse kumene ndailozetsa. Ana anakuwa. Amalume anakhala chete kaye.

"Mphwanga," anatero, "chinthu chopanda mpweya chikamafunafuna kuwala ngati chamoyo, kodi simukulima m'munda wa Mulungu?"

"Malume, tagwirani mawaya awiriwa, muwasinthanitse."

Anawasinthanitsa ndi zala zawo zokhakhala zija. Nditayatsanso tochi, kaloboti kanatembenuka n'kuthawira kumdima. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mantha akewo ali m'waya?"

Ali m'wayadi. Valentino Braitenberg anaonetsa zimenezi m'buku lake la mu 1984. Ngati kuwala kochuluka kumawonjezera liwiro la mota, ndipo sensa iliyonse yalumikizidwa ku mota ya mbali yake yomwe, kaloboti kamathawa kuwala, ife n'kumati n'kamantha. Mawaya akapingasana, kamathamangira kuwala, ife n'kumati n'kaukali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, William Grey Walter anamanga ku Bristol timaloboti tiwiri, Elmer ndi Elsie, tomwe tinkalondola kuwala ndi kuzemba zopinga, ndipo owonera ankatiyesa tili ndi maganizo. Mantha ndi ukaliwo timaikamo ndife owonera. Ophunzira anga nawo sabata isanathe amakhala atakapatsa dzina kaloboti kawo, n'kumati lero kadzuka kolusa.

Ndinkayesa kuti nkhani yathera pamenepo, kuti amene waona mawaya sangagwadire chinthu. Amalume anakana. Pokhala mmisiri, mutu 44 wa Yesaya amaudziwa bwino. Mmenemo muli mnzawo wa ntchito amene amadula mtengo, mbali ina n'kuphikira chakudya ndi kuwotha moto, mbali yotsalayo n'kusema fano n'kuligwadira. Munthu ameneyo mtengo anauona, anaudula yekha, utsi wake unam'lowa m'maso. Anagwadabe. "Kuona sikokwanira," anatero amalume. "Munthu amaiwala dala."

Weizenbaum anakumana nazo zimenezi. Mlembi wa mu ofesi yake, yemwe anamuona akupanga ELIZA kwa miyezi, atayamba kucheza nayo anam'pempha mwini wakeyo kuti atuluke m'chipindamo kuti iye alankhule nayo momasuka. ELIZA inali pulogalamu yaing'ono yongotembenuza mawu a munthu n'kum'bwezera ngati funso. Lero ophunzira amafika ku yunivesite atacheza kale ndi ChatGPT, yomwe inatuluka kumapeto kwa 2022 ndipo imayankha m'ziganizo zosalala kuposa za aphunzitsi ena. Ngati mlembi uja anatengeka ndi ELIZA, ana athuwa ali pa chiyeso chachikulu.

Buku la Eksodo linaika amisiri awiri moyandikana. M'mutu 31, Mulungu amadzaza Bezaleli ndi mzimu wake kuti akhale waluso pa golide, siliva, mkuwa, miyala ndi matabwa. Luso la manja silikuoneka ngati kulanda ntchito ya Mulungu pamenepo, likuoneka ngati mphatso yochokera kwa Iye. M'mutu wotsatira, Aroni amasonkhanitsa ndolo zagolide za anthu n'kupanga fano la mwana wa ng'ombe. Mose atam'panikiza, Aroni anafotokoza ngati kuti iye anangoponya golide pamoto, mwana wa ng'ombe n'kutulukamo yekha. Nkhani yomweyo inali itanena kale kuti analikonza ndi iye. Tchimo lalikulu m'nkhaniyi ndi kulambira, inde, koma taonani mmene wopanga fano amalankhulira akafunsidwa: amachotsapo manja ake.

Chilankhulo cha Aroni ndimachimva mu labu tsiku ndi tsiku. Kangochita kokha. Kakana. Kapenga. Inunso mumachimva pa mawindo a maofesi, pamene munthu wayenda ulendo wautali n'kuuzidwa kuti kompyuta yakana, kompyuta ikuti dzina lanu mulibe. Wouzidwayo amabwerera modzichepetsa ngati wakanidwa ndi mizimu, pomwe lamulo lomukanalo analemba ndi munthu, wolandira malipiro, wokhala ndi dzina. Kupembedza makina kwa masiku ano nthawi zambiri sikukhala kugwada ayi. Kumakhala kubisala kuseri kwake.

Ndiye pali mawu awiri amene wopanga zinthu ayenera kuphunzira kuwanena pamodzi. Oyamba ndi akuti, ndapanga ndine. Achiwiri ndi akuti, sindikuchidziwa chonse. Kunena amodzi okha n'kosavuta. Wonyada amavomera kuti wapanga ndi iye koma sakhulupirira kuti pangakhale chomwe sanachione, ndiye cholakwa amachikankhira kwa wogwiritsa ntchito. Wothawa mlandu amavomera msanga kuti zinthuzi n'zozama, palibe angazimvetse, n'kusamba m'manja. Kaloboti kokhotera pansi pa tebulo kamam'kakamiza munthu kunena onse awiri nthawi imodzi, chifukwa sangakane kuti wamanga ndi iye, anzake atatu akumuona, ndipo sanganene kuti amakadziwa konse, popeza kali uko pansi pa tebulo.

Kodi munthu angakhale ndi mlandu pa chimene sankachidziwa? Chilamulo cha Mose chinayankha ndi nkhani ya denga. Nyumba za kumeneko zinali ndi madenga afulati omwe anthu ankakhalapo, ndipo mutu 22 wa Deuteronomo umalamula womanga nyumba yatsopano kuti atchinge m'mphepete mwa denga, kuti wina akagwa magazi asakhale pa nyumbayo. Womangayo sadziwa amene adzagwe, kaya liti, kaya chifukwa chiyani. Koma akudziwa kuti anthu amagwa, ndipo kudziwa kumeneko n'kokwanira kum'patsa udindo. Kusadziwa zonse sikum'masula, n'kumene kumam'lamula kumanga chotchinga.

Pakati pa 1985 ndi 1987, makina othandizira odwala khansa otchedwa Therac-25 anawomba odwala ndi cheza choposa muyezo kwambiri pa ngozi 6 zodziwika ku America ndi ku Canada, ndipo ena anamwalira. Makina amtundu umenewo akale anali ndi zotchinga za zitsulo ndi magetsi zoletsa ngozi yotere ngakhale pulogalamu italakwa. Pa Therac-25 zambiri mwa zotchingazo anazisiya, n'kudalira pulogalamu. Cholakwika china chinkaoneka pokhapokha woyendetsa makina wozolowera akakonza msangamsanga zimene walemba, ndipo poyamba opanga makinawo ankanena kuti n'zosatheka kuti apyole muyezo. Nancy Leveson ndi Clark Turner anafufuza nkhaniyi n'kuifalitsa mu 1993, ndipo mpaka lero imaphunzitsidwa. Ine ndimainena pa tsiku limene gulu loyamba lagwetsa kaloboti pa tebulo n'kuthyola sensa. Kuyambira pamenepo aliyense amayesa pansi kaye, matayala ali m'mwamba asanakatsitse, chala chili pa switchi yozimitsira. Chotchinga chawo choyamba chimakhala chimenecho.

Zimenezi sizichitika zokha chifukwa choti mwagula mabokosi. Mukangowasiya, wa laputopu amakhala pa laputopu mpaka mapeto, atsikana amapatsidwa ntchito yolemba lipoti ndi kukongoletsa, wakumudzi uja amagwira tochi. Pamenepo loboti yangokulitsa mpata umene inayenera kutseka. Ndiye pali malamulo amene ndimaumirira. Mpando wa pa laputopu umasinthana, ndipo wodziwa kale aike manja kumbuyo, afotokoze ndi pakamwa. Gulu lililonse lili ndi kope, ndipo asanasinthe nambala iliyonse alembe zimene akuyembekeza, kenako zimene zachitika, ndi dzina la amene wasintha. Kope limeneli ndi yankho langa kwa Dijkstra: kuyesa kopanda ulosi ndi kugwera, koma ukalosera kaye n'kutsutsidwa ndi simenti, wayamba kuganiza. Mawu akuti kangochita kokha saloledwa m'kopemo. Alembe kuti sitinapeze chifukwa chake, zomwe ndi zoona ndipo zimasiya mlandu m'manja mwawo. Pa tsiku lachionetsero sindipereka mphoto ya liwiro. Aliyense amafunsidwa za gawo limene sanamange iye, kotero gulu limakhoza pokhapokha ngati laphunzitsana.

Masabata aja akatha, mabokosi amabwerera m'kabati ndipo masamu amabwera, ouma, opanda matayala. Ayenera kubwera, chifukwa pali zinthu zambiri m'phunziroli zimene sungazigwire ndi chala, ndipo pulogalamu yaikulu siyesedwa poiyang'ana ikuyenda pasimenti. Ambiri mwa ophunzirawa sadzagwiranso loboti moyo wawo wonse. Adzalemba mapulogalamu owerengera malipiro, osunga mbiri ya odwala, osankha amene alandire ngongole ndi amene adikire. Tsiku lina mayi wina adzaima pawindo n'kuuzidwa kuti kompyuta yakana. Chimene ndimagwirira ntchito n'chakuti kuseri kwa windolo kudzapezeke munthu wodzuka pampando n'kunena kuti, "Mayi, pulogalamuyi tinalemba ndife, ndipo mwina pali chimene sitinachione. Bweretsani mapepala anuwo tione."